Mitu Khumi ndi Itatu pa Chithunzi Chimodzi

Uyu ndi Kamtambo. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Dzina lake lenileni lilipo, koma limagwira ntchito kusukulu kokha. Kunyumba onse amati Kamtambo.

Maso ake sakhala pansi. Amakhala kumwamba. Ukamutuma mchere, amabwera ndi nkhani ya mitambo. Mchere wauiwala.

Kamtambo ali ndi achemwali ake. Achemwali amamuluka tsitsi. Achemwali amamumangira zingwe za nsapato. Achemwali amamuuza mayankho a masamu, koma monong'ona.

Tsiku lina achemwali analongedza sutikesi. Ankapita kutali kukaphunzira unamwino. Basi inali yonyamuka masana omwewo. Kubwera, mpaka chaka chamawa.

Achemwali anatulutsa felemu. Inali yatsopano. Inali imodzi yokha.

"Muno mulowa chithunzi cha tonse," anatero achemwali. "Ndikachiika pafupi ndi bedi langa. Ndizikakuonani m'mawa uliwonse."

Kamtambo anayang'ana felemu ija. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kukhalamo. Chaka ndi chachitali. Munthu akhoza kuiwala nkhope ya mnzake.

Banja lonse linatchena. Bambo anavala jekete lonunkhira sutikesi. Mayi anavala diresi loletsa kupuma. Amalume anavala nsapato zolira. Zinkati kwii, kwii, msewu wonse.

Anadutsa pa ometa tsitsi. Anadutsa pa osoka nsapato. Anafika kwa wojambula zithunzi.

Wojambulayo anthu ankamutchula kuti a Mizere. A Mizere ankakonda mizere. Mipando yawo inali pamzere. Zolembera zawo zinali pamzere. Ndevu zawo zapamlomo zinali zofanana uku ndi uku. Anthu amati ankaziwerenga m'mawa uliwonse.

M'chipindamo munali kamera ya miyendo itatu. Munali benchi lalitali. Kukhoma kunali chinsalu chachikulu. Pachinsalupo anajambulapo mitambo yoyera.

Kamtambo anaona mitamboyo. Basi, maso anapita.

"Muno lamulo ndi limodzi," anatero a Mizere. "Mizere izikhala yofanana. Chithunzi cha mizere yosiyana chimaoneka ngati mano a ng'ona. Ine sindijambula ng'ona."

Anayamba kuwerenga mitu. Agogo aamuna, bambo ndi mayi. Amalume, azakhali ndi amayi aang'ono. Achemwali ndi achimwene awiri. Asuweni atatu. Kenako Kamtambo.

"Khumi ndi atatu," anatero a Mizere. Ndevu zawo zinagwedera pang'ono.

"Imani awiriawiri!"

Onse anathamanga. Aliyense anagwira mnzake. Kamtambo anali akuonabe mitambo.

Anatsala mmodzi. Anatsala ndani? Kamtambo.

"Imani atatuatatu!"

Nsapato za amalume zinati kwii, kwii.

Anatsala mmodzi. Anatsala ndani? Kamtambo.

"Imani anayianayi!"

Agogo anadandaula za mawondo.

Anatsala mmodzi. Anatsala ndani? Kamtambo.

"Imani asanuasanu!"

Ulendo uno anatsala atatu.

"Iii, matenda akufalikira," anatero amalume.

"Imani sikisisikisi!"

Anatsala mmodzi. Mukumudziwa kale.

"Abwere kuno," anatero mayi. "Akhale pamiyendo panga."

"Mayi, ine ndimawerenga mitu," anatero a Mizere. "Miyendo si ntchito yanga."

Amalume anakweza chala. Amalume sasowa nzeru. Kungoti nzeru zawo zimabwera zopindika.

"Tiitane wosoka nsapato uja," anatero. "Tikhala khumi ndi anayi. Seveni kutsogolo, seveni kumbuyo. Nkhani yatha."

"Nanga anzanga akandifunsa, ndikati ndi ndani?" anafunsa achemwali.

"Ukati ndi amalume ako ena."

"Achimwene," anatero mayi, "amalume amodzi omwewa atikwana."

"Ndiye atuluke mmodzi," anatero a Mizere. "Mukhale khumi ndi awiri. Imeneyo ndiye nambala yaulemu."

Aliyense anayang'ana nsapato zake. Azakhali anati tsitsi lawo alikonzetsa dala. Amalume anati shati yawo aisita kawiri. Agogo anakhala ngati sakumva. Agogo amamva zimene akufuna.

Bambo anayang'ana wotchi. Kutsuka chithunzi kumatenga ola lathunthu. Basi sidikira munthu. Bambo anagwada pafupi ndi Kamtambo.

"Mwana wanga, iwe tikujambula wekha. Chithunzi chakochako. Chokongola."

"Koma felemu ndi imodzi, ababa."

Bambo anakanda kumutu.

"Popanda Kamtambo, ine sindijambulitsa," anatero achemwali.

Pamenepo akuluakulu anayamba kulankhula onse pamodzi. Akuluakulu akatero, palibe amene amamva mnzake.

Kamtambo anakhala pa kampando kakang'ono. Anayang'ana chinsalu chija. Anayang'ana mitambo. Anayang'anabe.

Phokoso linapita kutali. Linapita kutali kwambiri.

Mtambo umodzi unasuntha.

Wina unasunthanso.

Kampando kananyamuka pang'onopang'ono. Pansi panali poyera. Panali pofewa ngati thonje. Kamphepo kankaomba kozizirira bwino.

Kamtambo anaona kamera patsogolo pake. Inali yake. Anagwira pamlomo. Anali ndi ndevu zomwe!

"Odi kuno!"

"Lowani," anatero Kamtambo.

Munalowa timitambo khumi ndi tiwiri. Tinalowa mwaulemu, tikuwerama.

"Ndife a 12. Tabwera kudzajambulitsa. Tiime bwanji, bwana?"

"Awiriawiri."

"Chabwino, bwana."

"Atatuatatu."

"Chabwino, bwana."

"Anayianayi. Sikisisikisi."

"Chabwino, bwana. Chabwino, bwana."

Palibe kanatsala. A 12 anali ofatsa. Ukhoza kuwatuma kulikonse.

"Odi kuno!"

Munalowa timitambo tisanu ndi tiwiri. Tinalowa manja ali m'thumba.

"Ndife a 7."

"Imani awiriawiri," anatero Kamtambo.

Kanatsala kamodzi.

"Imani atatuatatu."

Kanatsala kamodzi.

"Musavutike, bwana," anatero a 7. "Ife ndife amakani. Sitigawika. Njira zathu ndi ziwiri basi. Taonani."

Timitambo tinaima phewa ndi phewa. Unali mzere umodzi wautali.

"Iyi ndi yoyamba."

Timitambo tinatembenuka. Tinaima kamodzi kumbuyo kwa kanzake, ngati nyerere.

"Iyi ndi yachiwiri. Yachitatu palibe."

"Odi, odi, odi!"

Munalowa timitambo tisanu ndi tinayi. Tinalowa chifuwa chili patsogolo.

"Ndife a 9! Ifenso ndife amakani! Tayesani muone!"

"Awiriawiri," anatero Kamtambo.

Kanatsala kamodzi.

"Mwaona?" anatero a 9. "Sitigawika ife!"

"Atatuatatu."

Atatu. Atatu. Atatu. Palibe kanatsala. Miyendo inangopita yokha.

A 7 anaseka mpaka anagwetsa mvula pang'ono.

"A 9, makani anu ndi apakamwa," anatero. "Kakhaleni uko ndi a 12."

A 9 anapita chamanyazi.

Kenako munalowa timitambo tiwiri. Tinagwirana manja.

"Ndife a 2," tinatero ndi mawu aang'ono.

"Awa ndi akwathu," anatero a 12. "Amayenda awiriawiri ngati ife."

"Tiyeni tione," anatero Kamtambo. "Imani phewa ndi phewa."

Tinaima.

"Imani wina kumbuyo kwa mnzake."

Tinaima.

"Njira ina?"

"Palibe, bwana."

"Njira ziwiri basi," anatero a 7. "Ndiye ndinu akwathu. Ndinu aang'ono, koma makani alipo. Bwerani kuno."

Pakhomo panasuzumira kamtambo kamodzi.

"Ndine 1. Ine ndiye wamakani kuposa nonse. Ndani angandigawe ine?"

"Imani phewa ndi phewa," anatero Kamtambo.

Kanaima.

"Imani wina kumbuyo kwa mnzake."

Kanayang'ana kumbuyo. Kunalibe aliyense. Kanangoima pomwepo.

"Ndi chimodzimodzi," anatero Kamtambo. "Inu muli ndi njira imodzi yokha."

"Amakani timakhala ndi ziwiri," anatero a 7. "Komanso inu a 1, makani mungachite ndi ndani muli nokha?"

A 1 anafota.

"Musalire," anatero a 2. "Gulu lathu simulowa. Koma khalani pampando wapamwambawo. Tonsefe tinayambira kwa inu."

A 1 anakhala pampando. Anaukonda.

Kunja kunamveka mapazi ambiri. Ena ankati kwii, kwii.

Munalowa timitambo tambiri. Kamtambo anawerenga. Khumi ndi tiwiri. Kenako, mochedwa, kanalowa kena. Kanali kakang'ono. Kankayenda kakuyang'ana kumwamba.

"Ndife a 13."

"Kasiyeni kakang'onoko panja," anatero a 12. "Mufanane ndi ife. Muzikhala ndi mtendere."

"Ayi," anatero a 13. "Tikakasiya, sitikhalanso 13."

Kamtambo anamwetulira.

"Nanga muima bwanji?" anafunsa.

"Bwana, mwaiwala kale? Njira zathu ndi ziwiri."

"Kamtambo! Iwe Kamtambo!"

Munthu ankamugwedeza phewa. Anali achemwali.

"Wapitanso kumwamba?"

Kampando kanali pansi. Ndevu zinali zitapita. Akuluakulu anali akulankhulabe.

"Achemwali, vuto si ine," anatero Kamtambo. "Ndi 13. Ndi wamakani. Sagawika."

Achemwali anatong'ola maso.

"Zoona! Kusukulu nambala yotere timati pulayimu."

"Koma ali ndi njira ziwiri."

Kamtambo anakwera pa kampando. Anakoka jekete la a Mizere.

"Bambo ojambula, tiime tonse phewa ndi phewa. Mzere umodzi."

"Mzere umodzi?" A Mizere anaganiza. "Mzere umodzi sungasiyane ndi unzake. Unzakewo palibe. Koma muno simukwana."

Onse anatuluka panja. Anaima kukhoma, phewa ndi phewa. Mzere unali wautali. Kamtambo analimo!

A Mizere anasuzumira mu kamera. Agogo sankaoneka. Amalume ankaoneka khutu lokha.

A Mizere anabwerera m'mbuyo. Anabwereranso. Anatsika mumsewu. Njinga inaliza belu, ngiri ngiri! Anabwererabe. Anakafika kwa wosoka nsapato, tsidya lina.

"Mwabweretsa nsapato?" anafunsa wosoka.

"Ndili pantchito!"

Kamera inati khethe!

Onse anathamangira kukaona pa kagalasi ka kamera. Khoma linaoneka bwino. Denga linaoneka bwino. Anthu anali ngati nyemba khumi ndi zitatu.

"Ine ndi uti?" anafunsa azakhali.

"Uyu," anatero amalume.

"Umenewo ndi mpopi wa madzi!"

Achemwali anayang'anitsitsa. Anapukusa mutu.

"Nkhope sizikuoneka."

Bambo anayang'ananso wotchi.

"Nthawi yatha," anatero. "Tatsala ndi mwayi umodzi."

Kamtambo anaganiza msanga. Njira yoyamba yakanika. Yatsala imodzi. Yachitatu palibe.

"Tiime wina kumbuyo kwa mnzake," anatero.

"Ndiye aoneka wakutsogolo yekha," anatero a Mizere. "Enawo aoneka makutu."

Kamtambo anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kenako anayang'ana kumene amayang'ana masiku onse. Kumwamba.

Pambali pa nyumbayo panali masitepe achitsulo. Ankakwera kupita kwa telala wapamwamba.

"Apo! Aliyense sitepe yake!"

"Ine sindikwera," anatero agogo. Tsopano ankamva bwinobwino.

"Agogo, inu sitepe yachiwiri yokha."

"Nanga pamwamba penipeni apite ndani?" anafunsa bambo.

"Achimwene angawa," anatero mayi, akuloza amalume. "Mawu awo amamveka patali."

Amalume anakwera. Kwii, kwii, kwii. Asuweni anakwera. Achimwene awiri anakwera. Onse anakwera, aliyense sitepe yake. Mutu pamwamba pa mutu. Mutu pamwamba pa mutu. Telala anasuzumira pawindo, singano ili kukamwa.

Sitepe yoyamba inatsala. Inatsalira ndani? Kamtambo.

A Mizere anapinda manja.

"Mizere yanga ili kuti?"

"Ilipo khumi ndi itatu," anatero Kamtambo. "Tawerengani. Mzere uliwonse uli ndi munthu mmodzi."

A Mizere anatulutsa chala.

"Mmodzi. Mmodzi. Mmodzi. Mmodzi."

Anawerenga mpaka kwa amalume. Anawerenganso chotsika. Panalibe mzere woposa unzake. Panalibe wotsala.

Ndevu zawo zinavina, mbali zonse ziwiri mofanana.

"Zaka zonsezi," anatero, "masitepe ali pompano!"

Anapendeketsa kamera kuti iime chotalika.

"Sekererani! Agogo, inunso!"

Khethe!

A Mizere analowa kukatsuka chithunzi. Banja linakhala pamasitepe kudikira. Kamtambo anafotokoza za a 7, za a 2, ndi za a 1 okhala pampando wapamwamba.

"Ndiye aliyense asankhe nambala yamakani imene amaikonda," anatero achemwali.

"Ine 2," anatero agogo. "Ndi mano amene anditsalira."

"Ine 5," anatero bambo. "Ndi nthawi yowerukira."

"Ine 3," anatero mayi. "Mwana ndimamuitana katatu. Kachinayi ndimapita ndekha."

"Ine 9," anatero amalume.

"Amalume, 9 si wamakani. Amaima atatuatatu."

"Nthawi yathu anali wamakani," anatero amalume. "Wangofewa masiku ano."

"Nanga iwe, Kamtambo?" anafunsa achemwali.

"Ine 13. Sasiya munthu panja."

Chithunzi chinatuluka chikadali chofunda. Panalibe nthawi yochiona. A Mizere anachiika mu envulopu. Onse anathamanga. Bambo anasenza sutikesi. Agogo anabwera pambuyo, akukalipira mawondo.

Basi inali italiza kale injini.

Achemwali anatsegula envulopu pakhomo pa basi. Mitu yonse inaunjikana.

Pamwamba penipeni panali amalume, kamutu kakang'ono, pakamwa pali yasa. Azakhali anaoneka ndi tsitsi lawo lonse. Agogo anaonetsa mano onse awiri.

"Nanga ine?" anafunsa Kamtambo. "Sindikudziona!"

Anayang'ana pamwamba. Anayang'ana pakati. Anayang'ana pansi. Pansipo panali chala chachikulu cha achemwali.

"Achemwali, chala!"

Achemwali anasuntha chala.

Kamtambo anali pomwepo. Anali kutsogolo kwa onse. Nkhope yake inali yaikulu kuposa zonse. Ngakhale kadzino kogwedera kankaoneka.

"Nkhope iyi ndingaiiwale bwanji?" anatero achemwali. "Yatenga malo a anthu atatu."

Analowetsa chithunzi m'felemu. Chinakwana ndendende.

"Muzigwira m'mbali," anatero Kamtambo.

"Ndizigwira m'mbali."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

Achemwali anamukumbatira. Anakwera basi. Anakhala pawindo.

Bambo ananyamula Kamtambo. Anamukhazika pamapewa kuti aone bwino.

Basi inayamba kuyenda. Achemwali sanabayibitse. Sakanatha. Manja onse awiri anali atagwira felemu pawindo, dzanja ili mbali iyi, dzanja ilo mbali iyo.

Kamtambo anabayibitsa ndi manja onse awiri. Limodzi lake, linalo la achemwali.